Bwerani ndi Wakuba Wanu

Mu ufumu wa Zilibwino munalibe akuba. Izi aliyense ankazidziwa, chifukwa umbava anaukwirira dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Mfumu Ndamvakale, mwini nthaka, itatopa ndi madandaulo a anthu ake, inalamula akalipentala kuti akhome bokosi la mlombwa. M'bokosimo anaikamo chikwanje, chitsulo chothyolera maloko ndi nsapato za mphira zija zosamveka poyenda. Abusa anapemphera, amayi anaimba nyimbo za maliro, asilikali anawomba mfuti m'mwamba, ndipo mfumu inathira dothi loyamba ndi fosholo yagolide. Fosholoyo inasowa anthu asanabalalike pamandapo, koma wailesi ya ufumu inafotokoza kuti inangosokera.

Kuyambira pamenepo katundu mu Zilibwino sankabedwa. Ankasokera. Mbuzi zinkasokera, njinga zinkasokera, ngakhale malata ankazuka okha padenga n'kusokera limodzi ndi misomali yake. Ndipo chaka chilichonse kunkachitika Sadaka ya Umbava, tsiku limene munthu aliyense wokhala ndi miyendo ankayenera kukandanda m'mbali mwa msewu kuombera m'manja mfumu ikamadutsa. Apolisi onse ankakhala kumsewuko, kuonetsetsa kuti m'nyumba simunatsale munthu.

Zinthu zikanapitirira kukoma chomwecho pakanapanda alendo ena a kutsidya kwa nyanja, aja amabwera ndi makamera ndi thandizo. Ali pa chakudya kunyumba yachifumu, mmodzi wa iwo anafunsa kuti, “Nanga anthu amene achitidwa chipongwe ndi zigawenga mumawathandiza bwanji? Kwathu boma lili ndi thumba lowapepesera.”

Mfumu Ndamvakale inkatha kupirira chilala, dzombe ndi kolera, koma osati kumva kuti dziko lina lili ndi chinthu chimene iyo ilibe. M'mawa mwake inaitanitsa nduna zake zonse.

“Ndikufuna thumba,” inatero. “Lalikulu kuposa lawolo.”

A Zatheka, Nduna ya Bata, anakhosomola kaye. “Mwini nthaka, thumba limenelo ndi la anthu oberedwa. Kuti munthu aberedwe pamafunika womubera. Owaberawo tinawakwirira.”

“Ndamva kale. Ndiye ukuti chiyani? Ukuti ndinakwirira bokosi lopanda kanthu?”

Nduna zonse zinayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati zikuziona koyamba. Amene anapulumutsa anzake anali a Tilinanu, Nduna Yoona za Misozi, munthu wa mawu ofewa ngati thonje, amene ankatha kulira ndi diso limodzi kwinaku lina likuwerenga nyuzipepala.

“Mwini nthaka, nkhaniyi ndi yophweka. Woberedwa azibwera ndi wakuba wake. Wakubayo akangovomera, inu muzimukhululukira pompo. Asanavomere si wakuba, poti palibe umboni. Atavomera si wakubanso, poti mwamukhululukira. Choncho m'dziko muno wakuba azikhalamo kanthawi kongokwanira kumeza malovu.”

“Nanga munthu akabwera yekha?”

“Ndiye kuti katundu wake anangosokera, monga mwa masiku onse.”

Mfumu inaseka mpaka chisoti chinapendekeka. Kenako inawonjezera nzeru zake: wakuba wolapa azipatsidwa zida zoyambira moyo watsopano, pamaso pa anthu, ng'oma zikulira. “Alendo aja amakonda kujambula munthu wolapa,” inatero. “Munthu wolira amaipitsa chithunzi.”

Thumba la Pepani linabadwa motero. Analimangira nyumba yosanja pa phiri la Bweranimawa, analigulira magalimoto, analipangira nyimbo. Chimene chinatsala chinali oberedwa okha, ndipo amenewo sanachedwe.

Pa msika wa Tilipobe, pakhonde la sitolo ina yogulitsa mchere ndi sopo, pankasokera telala wina dzina lake Dolofina Nazimbiri. Anali mayi wosalankhulalankhula, wokhala ndi singano pakamwa nthawi zambiri. Ankadziwika ndi khalidwe limodzi lodabwitsa: ankabweza zidutswa. Matelala ena nsalu yotsala ankaisandutsa madiresi a ana awo, moti ana a telala mumawadziwira kuvala mitundu ya nsalu za mudzi wonse. Koma Dolofina ankakulunga kachidutswa kalikonse, ngakhale kochepa ngati khutu la mbewa, n'kukaika m'thumba la chovala chimene wasoka. Chifukwa cha ichi amayi a kutchalitchi anamusungitsa kiyi wa bokosi lawo la mbale ndi mapoto.

Makina ake osokera anawagula atasankha fodya m'minda ya eni ake kwa zaka zambiri. Anali akuda, opondera ndi phazi, okalamba kuposa mwini wake. Pathebulo pake panali chipsera cha simbi yamakala chooneka ngati nsomba, ndipo pakhosi pake Dolofina anamangapo kansalu kobiriwira kobayapo mapini. Makinawo ndiwo anali munda wake, ng'ombe yake ndi mwamuna wake, ndipo mosiyana ndi mwamuna amene anali naye kale, madzulo ankapezeka pomwe wawasiya m'mawa.

Tsiku la Sadaka ya Umbava, Dolofina anatsekera makinawo m'kachipinda kuseri kwa sitolo n'kupita kumsewu ngati nzika yabwino. Ataima padzuwa mpaka mthunzi kulowa pansi pa mapazi, anakumbukira kuti wasiya makala amoto m'simbi. Anazemba apolisi, nathamangira kumsika kuopa kutentha sitolo ya eni. Anapeza chitseko chili pululu, anyamata awiri akukweza makina ake pa wilibala. Onse awiri anavala malaya a Sadaka, nkhope ya mfumu ikumwetulira pachifuwa.

Dolofina anagwira gudumu la makinawo. Mmodzi anamupotokola mkono wamanzere mpaka unalira, n'kumukankhira mu ngalande.

“Akuba! Akubaaa!”

Kumsewu ng'oma zinali zitafika pokoma. Amene anamumva anali gogo wina wopunduka mwendo amene analoledwa kutsala pakhomo. Gogoyo anasuzumira pawindo. “Mwananga, mawu amenewo analetsa,” anatero, natseka windo.

Kupolisi anamulandira bwino. Wapolisi anali atangofika kuchokera ku Sadaka, akutokosa m'mano.

“Mwati makina anu asokera, mayi?”

“Abedwa, bwana. Ndawaona ndi maso anga, ali pa wilibala.”

“Asokera pa wilibala. Masiku ano katundu wachenjera. Nanga mkonowo?”

“Andipotokola.”

“Mkono unagundana ndi munthu wosadziwika,” anatero wapolisi uja akulemba. “Koma ngati mukuumirira kuti munaberedwa, muli ndi mwayi. Mfumu yathu inakuganizirani. Kwerani ku Bweranimawa.”

Nyumba ya Pepani inali yonyezimira moti Dolofina anavula mapatapata pakhomo. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha mfumu ikupukuta misozi mwana amene anali kuseka. Kalaliki wake, a Gwedeza, anali bambo wonenepa masaya, wokhala kuseri kwa thebulo lopanda kanthu kena koma mulu wa mipango yatsopano yopukutira misozi, uliwonse uli ndi nkhope ya mfumu. Anamvetsera ziganizo ziwiri zoyamba za nkhani ya Dolofina, nakweza dzanja.

“Mayi, musaone ngati ndine wouma mtima, koma sindingakuuzeni pepani panopa. Pepani ndi wa boma, amatuluka nduna ikavomereza. Pakadali pano chimene ndingathe kunena ndi chakuti: aa.”

“Zikomo, bwana.”

“Tsopano, wakuba wanu ali panja? Muuzeni alowe, asaope.”

“Wakuba wanga?”

“Ee. Amene anakuberaniyo. Popanda iye sitingayambe kanthu.”

Dolofina anawayang'ana kuti aone ngati akuseka. Sankaseka. “Bwana, ndikanakhala naye bwenzi nditabwera kuno? Bwenzi nditamulanda makina anga.”

“Ndiye tidziwa bwanji kuti munaberedwa?”

Dolofina anaonetsa mkono wotupa, womangidwa ndi mpango wakumutu.

“Mkono ndi wanu, mayi. Munthu sangadzichitire umboni ndi chiwalo chake chomwe. Inunso taganizani: pa anthu awiri amene analipo, ndani akudziwa bwino za kubako? Inu munangogwera mu ngalande. Ntchito yonse anagwira ndi mnzanuyo.”

Potuluka, Dolofina anasokoneza makomo, napezeka m'kanjira ka kuseri. Pamenepo panali chipinda cha mawindo a zitsulo, pachitseko atalembapo kuti Mosungira Katundu Wosokera. Munali njinga, mawailesi, matayala, mphero za mtedza, ngakhale belu la sukulu. Ndipo pakona, fumbi litayamba kale kuwakuta, panali makina akuda okhala ndi kansalu kobiriwira pakhosi. Mapini ake anali momwemo. Nsomba ija inali pathebulo pomwepo.

Anabwerera kwa a Gwedeza akuthamanga, mapatapata ali m'manja.

“Bwana, apezeka! Ali kuseriku! Ndi anga amene aja!”

“Akuda aja? Apolisi anawapeza pa mlatho akusokera, anyamata awiri akuwaperekeza. Amenewo ndi a olapa, mayi. Loweruka lino mfumu iwapereka kwa wakuba amene wasiya kuba.”

“Koma ndi anga!”

A Gwedeza anapinda manja, nkhope yawo ikuwala ngati ya mphunzitsi amene wafunsidwa funso limene amalikonda. “Tiyeni tiyende pang'onopang'ono. Anu mukuti anatani?”

“Anabedwa.”

“Ali kuseriwo anasokera. Chinthu chobedwa ndi chinthu chosokera sizingakhale chinthu chimodzi.”

“Chabwino, ndinalakwitsa. Anga anasokera.”

“Ngati anasokera, ndiye kuti simunaberedwe, ndipo ofesi ino si yanu. Yanu ndi ya anthu osokeredwa.”

“Ili kuti imeneyo?”

“Mwala wa maziko anaika kale,” anatero a Gwedeza. “Unasokera, koma aika wina.”

Kunja kwa mpanda wa Nyumba ya Pepani kunali mtengo wa kachere, ndipo pansi pake panakhala azibambo angapo akusewera bawo. Atangomuona Dolofina akutuluka ndi nkhope ija anthu onse ankatuluka nayo, anadzuka n'kumuzungulira ngati oitanira minibasi.

“Wakuba, mayi? Ndilipo!”

“Tengani ine, asisi, ndimalira povomera!”

“Musamumvere ameneyo, amaseka pakati! Ine ndili ndi chipsera kumaso, nduna imandikhulupirira msanga!”

Amenewa anali akuba obwereka. Poti akuba enieni analibe nthawi yokwera phiri, anthu a ku Zilibwino, amene sasowa pogwira, anayambitsa ntchito yovomera milandu ya eni. Mmodzi yekha sanadzuke. Anali bambo wowonda, wa imvi za patalipatali, wovala jekete la mlonda lothothoka mabatani. Dolofina, poti maso a telala amathamangira pamene pasowa batani, anakakhala pafupi naye.

“Inu simukufuna ganyu, bambo?”

“Anandiletsa, mayi. Ndine Lufeyo. Akuti nkhope yanga yachuluka m'zithunzi, alendo ayamba kundipatsa moni ndi dzina.”

“Munabapo zambiri?”

“Ine? Chibadwireni sindinatolepo ndi mtedza womwe wa munthu. Ndinali mlonda. Atakwirira umbava, abwana anati nanga ndizilondera chiyani, ntchito n'kuthera pomwepo. Koma zovomera ndiye ndavomera: ng'ombe, chigayo, keke ya ukwati. Tsiku lina ndinavomera kuti ndinaba denga la kalasi ndekhandekha, mfumu mpaka inandigwira chanza.”

Dolofina anamufotokozera zake. Lufeyo anamvetsera mpaka pamapeto, chinthu chimene pa phiri lonselo panalibe anachichita.

“Ndikabwereka mmodzi wa awa,” anafunsa Dolofina, “boma lindipatsa chiyani?”

“Mpango umodzi, chitenje cha nkhope ya mfumu, ndi pepani wochokera pakamwa pa nduna yeniyeniyo.”

“Basi? Nanga ndalama za m'thumbamo?”

Lufeyo analoza ndi milomo magalimoto oyera amene anandanda pamthunzi. “Si izo zaimazo? Zina zikudya mafuta.”

“Nanga wakubayo?”

“Aa, wakuba ndiye mwana wokondedwa. Bulangete, satifiketi, zida za ntchito. Ine anandipatsapo makina ometera, kwathu kulibe magetsi. Anandipatsapo wilibala, inasokera ndisanafike nayo kunyumba.”

Dolofina anawongoka. “Ndiye mmodzi wa awa avomere kuti anandibera, apemphe makina aja, akalandira andipatse.”

“Zikanatheka kale, mayi. Koma alendo anadandaula kuti olapa akumagulitsa zida. Tsopano wolapa amayenera kuonetsa pamaso pa kamera kuti chidacho amachidziwa. Makina anuwo apita kwa amene asoke mzere wowongoka. Pansi pa mtengo pano palibe angalowetse ulusi pa singano, manja anazolowera bawo. Komanso ndikuuzeni: mlamu wawo wa a Gwedeza wayamba kuphunzira kusoka dzana. Akuti Loweruka alapa.”

Dolofina anayang'ana mabatani osowa a jekete lija. Nkhaniyo anaitembenuza m'mutu monga ankatembenuzira nsalu yochepa, kufuna poti idulike n'kukwana. Woberedwa sangalandire makina. Wolandira makina ayenera kukhala wakuba. Wakubayo ayenera kudziwa kusoka. Anaitembenuza uku, anaitembenuza uko, ndipo paliponse inkatulutsa munthu mmodzi yemweyo. Anaganiza za kiyi wa amayi a kutchalitchi amene anali pa chingwe m'khosi mwake. Anaganiza za tizidutswa tonse timene anabweza moyo wake wonse. Kenako anaganiza za mlamu wa a Gwedeza akuponda makina ake ndi nsapato zamatope.

“Bambo Lufeyo, anakuletsani kukhala wakuba. Kodi kukhala woberedwa anakuletsaninso?”

Lufeyo anamutembenukira. “Mayi, mukudziwa chimene mukunena? Dzina limeneli silichoka ndi sopo.”

“Dzina ndili nalo, bambo, labwino kwambiri. Ndayesa kulipondera, silisoka.”

Anagwirizana zophweka: Dolofina adzanena kuti anaba tambala wa Lufeyo, basi. Lufeyo anamuphunzitsa kaimidwe ka wolapa, mutu pansi, phazi likukanda dothi. Malipiro ake anapempha mabatani.

Lachisanu anakwera phiri limodzi. A Gwedeza atamuona Dolofina anatsinzinira diso limodzi. “Mayi, si inu munabwera kuti mwaberedwa?”

“Ndinkayesa njira, bwana. Ndife akuba, timayamba tazonda.”

A Gwedeza anamukokera mpando. Anaitanitsa tiyi wamkaka. Lufeyo, monga woberedwa, anauzidwa kuti adikire panja.

Loweruka bwalo la ku Bweranimawa linadzaza. Mfumu inakhala pa nsanja, alendo ndi makamera awo kumanja kwake, nduna kumanzere. Katundu wosokera anamuyala pa matebulo atamumanga maliboni. Anthu a pa msika wa Tilipobe anabwera onse, poti kupanda kubwera kunali kusokoneza bata. Ataona telala wawo pa mzere wa olapa, anayamba kugwirana zigongono.

“Si Anazimbiri awo?”

“Mwina abwera kudzayeza anthu mayunifomu.”

A Tilinanu anagwira chimkuzamawu, diso lamanzere litayamba kale kulengeza misozi. “Mayi athu, yandikirani. Musaope, musabise kanthu. Fotokozani zonse mmene zinachitikira. Dziko lonse likumvetsera.”

Dolofina anaweramitsa mutu monga anaphunzitsidwira, tambala ali kale pa lilime. Koma mawu a nduna aja anamulowa pena. Chichitikireni zija, wapolisi sanamufunse, kalaliki sanamufunse. Lero boma lonse, ndi mfumu yomwe, linakhala pansi kuti limve mmene zinachitikira. Anadzutsa mutu. Tambala anauluka.

“Ndinadikira tsiku la Sadaka,” anayamba, “poti tsiku limenelo anthu onse amakhala kumsewu, apolisi onse kumsewu, nyumba zili zokhazokha. Ndinavala malaya a nkhope ya mfumu kuti wina asandifunse. Ndinathyola chitseko cha munthu wosauka amene analibe china chilichonse koma makina osokera. Ndikukweza pa wilibala, mwini wake anatulukira. Anagwira gudumu. Ndinamupotokola mkono mpaka unalira ngati nkhuni youma.”

Lufeyo, amene anakonzekera kulira tambala, anadzidzimuka n'kugwira mkono wamanja. Ataona mkono womangidwa wa Dolofina anasintha msanga n'kugwira wamanzere.

“Ndinamukankhira mu ngalande ya madzi onunkha. Anakuwa, koma ng'oma zathu ndi zabwino, palibe anamva. Anagona m'menemo akuona chakudya cha ana ake chikupita pa wilibala.”

M'khamu lija munali anthu ambiri amene pobwera ku Sadaka anapeza zitseko zawo zili pululu, ndipo aliyense ankayang'ana pansi ngati nkhaniyo ikunena za kwake. Mlendo wina anatsitsa kamera.

“Atadzuka anapita kupolisi,” anapitiriza Dolofina, mawu akukwera, “ndipo wapolisi anamuuza kuti...”

“Ndamva kale!” inatero mfumu, ikudzuka. “Wakhululukidwa!”

Ng'oma zinagwa ngati mvula ya matalala. A Tilinanu analanda chimkuzamawu. “Mwaona, anthu a mfumu? Taonani mkono wake! Ngakhale wakubayo anavulala. Kuba sikupindulitsa!”

A Gwedeza anasendera kwa nduna n'kunong'ona, thukuta lili kamukamu, kuti mayiyu wanena za makina, ndipo mwina ndi omwe ali pathebulowa. A Tilinanu anawayankha osasuntha milomo: “Amene anaba iyeyu anabedwa. Awa anasokera. Kodi si iwe umaphunzitsa anthu zimenezi?”

Anabweretsa makina pakati pa bwalo. Woyamba kuyesa anali mlamu uja, amene anali atangolapa kumene za mbuzi. Anaponda ndi mphamvu zonse za munthu wolonjezedwa, nasokerera mkono wa malaya ake ku nsalu, moti anachoka pamenepo atamudula ndi sizasi. Dolofina anakhala pampando. Anapukuta fumbi pa nsomba ija ndi chikhatho, nawongola kansalu kobiriwira. Phazi linapeza malo ake lokha. Makina anayamba kulira kulira kwawo kwakale, ndipo mzere unatuluka wowongoka, ngakhale wosokayo sankaona bwino chifukwa cha misozi. Alendo anajambula misoziyo mosangalala. Inali misozi ya kulapa, yosaipitsa chithunzi.

Mfumu inamupatsa makina ake, bulangete ndi satifiketi yotsimikiza kuti Dolofina Nazimbiri anali wakuba koma anasiya.

Kenako inafika nthawi ya woberedwa. Lufeyo anaima pamaso pa nduna, jekete lake lili ndi mabatani onse. A Tilinanu anamukoleka chitenje paphewa, namupatsa mpango, namugwira dzanja ndi manja awiri.

“M'dzina la mfumu ndi boma lake: pepani.”

Lufeyo anavomerapo milandu yambiri pa bwalo limenelo osagwetsa msozi weniweni. Koma ntchito itamuthera palibe anamuuza mawu amenewo. Mkazi wake atanyamula ana kubwerera kwawo palibe anamuuza. Tsopano boma linamupepesa, ndi mtima wonse, pa chinthu chokhacho chimene sichinamuchitikire. Analira ngati mwana, mpango wa boma unanyowa n'kuyamba kusuluka, nkhope ya mfumu n'kutsalira pa masaya ake. Asilikali anamuchotsa msanga asanaipitse chithunzi.

Lolemba Dolofina anali pakhonde lake lija. Amayi a kutchalitchi anatuma awiri kudzatenga kiyi, mwaulemu, ponena kuti akufuna kumupepukitsa katundu. Mwini sitolo anasunthira matumba a mchere mkati. Anthu anapitiriza kubweretsa nsalu, poti telala wabwino ndi wosowa, koma tsopano ankaziyeza ndi mikono pamaso pake asanazisiye. Mnzake wa kalekale, Nasibeko wogulitsa tomato, atabwera kudzatenga diresi lake, anapisa m'thumba napeza zidutswa zitakulungidwa monga mwa masiku onse. Anaziyala pa chikhatho, naziyang'ana nthawi yaitali.

“Anazimbiri, ngati mwabweza zonsezi, ndiye kuti mwatenga zochuluka bwanji?”

“Iwe Nasibeko, mkono uwu sunauthowe ndiwe? Sukudziwa amene anagwera mu ngalande?”

“Ndikudziwa, mnzanga. Koma zinanenedwa pa wailesi.”

Boma lokha ndilo linamukhulupirira kotheratu. Linamupatsa ntchito yosoka mipango yonse ya Nyumba ya Pepani, poti lamulo limati ntchito zotere zizipita kwa olapa. Mipangoyo inkafunika yambiri chaka ndi chaka, ngakhale kuti m'dzikomo munalibe akuba.

Sadaka yotsatira itafika, kunabwera uthenga woti olapa onse adzayende patsogolo pa gulu, kuti dziko lione zipatso za chifundo cha mfumu. Kukana kunali kosatheka. M'mawa wa tsikulo Dolofina anamasula mutu wa makina pa thebulo lake, napinda nkhata, nausenza. Thebulo anamusiyira Lufeyo, amene tsopano anali mlonda wake wamseri, ngakhale polemba ankati ndi wothamangitsa nkhuku pakhonde.

Anayenda msewu wonse wa ku likulu chitsulo chili pamutu, dzuwa likuwotcha, khosi likunjenjemera. Wa pa wailesi atamuona anafuula ndi chimwemwe. “Taonani mayi uyu, anthu a mfumu! Mphatso ya mwini nthaka waikonda moti sakufuna kusiyana nayo ngakhale pa chikondwerero!”

Podutsa pa nsanja, a Tilinanu anatsika ndi chimkuzamawu, diso likulengeza.

“Mayi athu, sakukulemerani makinawa?”

“Akulemera, bwana.”

“Nanga osawasiya kunyumba bwanji?”

Dolofina anayang'ana apolisi onse a mu ufumuwo atandanda m'mbali mwa msewu, nayang'ana khamu la anthu ovala nkhope ya mfumu pachifuwa, aliyense akuomba m'manja kwinaku khosi likutembenukira kumene wasiya nyumba yake.

“Lero ndi tsiku lake, bwana,” anatero. “Ndikawasiya asokera.”